Mabatire Olemera a ku Masambanjati

Lolemba, 30 Juni 2008

Mulungu wanga ndinu wamkulu! Ndinu nokha, palibenso wina! Aja amati Ephraim adzakalamba akugona kukhitchini kwanga abwere adzaone lero. Amulemba ntchito! Ya ulonda, pa esiteti pathu pompano. Ndi nyumba yomwe amupatsa, ku kompaundi yakumtunda, ya malata, chitseko chake cha loko. Ndaimba nthungululu pakati pa munda mpaka a Fainess, anzanga otchola nawo tiyi, akuti, "Amake Leah, mwagwidwa mizimu kapena?" Ndati ee, indigwire basi.

Moni kope langa, takhalitsa. Ndakupeza pansi pa sutikesi, mphemvu zitakudya m'mbali. Nkhani ngati iyi si yosunga m'mutu.

Achimwene anga a Tomasi akanakhala moyo, bwenzi lero atavina. Anandisiyira Ephraim, Efu wanga, ali wamamina, kwa amayi ake ku Mozambiki kunalibe womutenga. Ine azakhali ake ndi amene ndamulera. Pano ndi bambo, mkazi wake Salome ndi woyembekezera, mimba yafika pakhosi. Mwana adzabadwira m'nyumba ya malata anthuni!

Ntchito yake ndi kulondera bulugama, nkhuni zimene amaumitsira tiyi ku fakitale. Miyezi yoyambirirayi akuti ndi yomuyesa. Wandifotokozera lamulo lake. A Blackson, kapitawo wa alonda, usiku amaima pachulu cha kudamu n'kuthwanimitsa tochi. Mlonda aliyense, kumene ali, ayankhe ndi tochi yake. Wosayankha ndiye kuti wagona. Koyamba chenjezo, kachiwiri basi, ntchito ndi nyumba zonse zapita.

Ndati Efu, iwe tulo ulibe chibadwire, unkandizunza nako kulira. Waseka.

Lachitatu, 2 Julayi

Tasamutsa katundu. Ndi katundu wanji, mphasa, ndowa, mapoto, ndi nkhuku ya Salome imene amayi ake anamupatsa kuti adzadye akachira. Salome wakolopa kawiri pansi poyera kale.

Tochi amupatsa yaikulu yachitsulo, koma mabatire akuti udziwa wekha. Alimo ndi otsala kwa mlonda wakale, akuyaka ngati diso la wodwala. Amugolosale aja satha sabata, akatha n'kutaya. Malipiro a Efu mpaka kumapeto kwa mwezi. Ndagona ndikuganiza.

Loweruka, 5 Julayi

Ndagula! Ndalama imene ndimasungira bulangete yapita, koma kuzizira sikupha munthu.

Titaweruka tinakwera kabaza ndi a Fainess kupita ku msika ku Masambanjati. Bambo wina wa chipewa cha ubweya anayala pa saka maloko, mawotchi, matochi. Ndafunsa mabatire. Akuti, "Amayi, a kutaya kapena a moyo wosatha?" Ndati a moyo wosatha ndi ati? Watulutsa otchaja. Akatha mphamvu umakawatchajitsa ngati foni, mawa ayambiranso. Akuti chaka ndi chaka, mpaka mwana wanu adzasiyire mwana wake.

Ndawatembenuza uku ndi uku, dzina palibe. Pepala lobiriwira ndi manambala basi. Ndati nanga dzina? Akuti, "Amayi, dzina simuunikira. Dzina ndi limene limakweza mtengo."

A Fainess akuti, "Mwana wopanda dzina akaba nkhuku mumakasuma kwa ndani?"

Bamboyo akuti, "Anzanuwa akwatiwe ndi wapolisi." Tonse kuseka.

Analipo a mitundu iwiri, ofiira ndi obiriwira. Apa ndiye ndinati dikirani. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma zaka zonsezi ndikutchola tiyi dzanja langali ndi sikelo. Dengu ndikangolinyamula ndimadziwiratu chimene kalaliki anene. Ndaika lofiira dzanja ili, lobiriwira dzanja ili. Lofiira lopepuka ngati chitsononkho. Lobiriwira gwa, lolemera, kukoka dzanja. Ndati awa ndiwo muli mphamvu. Ife kuno chinthu chimadziwika ndi kulemera, chopepuka ndi mankhusu.

Bamboyo akuti, "Amayi inu simunamizika." Wayika mu tochi, ngakhale kunali masana kuwala kwake kumaoneka pa chitenje changa. Tchaja wake wandichotserako mtengo.

A Fainess njira yonse, "Ine kaya." Nsanje basi. Awo mwana wawo amangotchova bawo.

Lamulungu, 6 Julayi

Titatuluka m'tchalitchi ndapita nawo mabatire aja kwa Douglas, wometa uja wa pa siteji, amatchajanso mafoni. Ndi wa Sabata, ndiye Lamulungu amatsegula. Wawayang'ana nthawi yaitali.

"Anti, awa mtundu wake sindikuudziwa."

Ndati iwe umadziwa mitu ya anthu basi, tchaja.

Madzulo ndakamupatsa Efu akuvala jombo. Wayatsa, mpaka pamwamba pa mtengo wa mapeyala mbee! Ana a pa kompaundi kukuwa. Ndawauza azimayi onse kuti mwana wa achimwene anga sagula za kutaya. Efu akuti, "Azakhali, mwaononga ndalama zambiri." Ndati khala chete, bambo ako anandigulira nsapato zanga zoyamba.

Lachiwiri, 8 Julayi

Chiperoni. Phiri silikuoneka, munthu wa mzere wachiwiri osamuona. Masamba kulibe nyengo ino, tsiku lonse dengu osadzaza. Ena awatumiza kukadulira, ena awauza kuti adikire mvula. Zala zachita dzanzi.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndadzera kumtunda. Efu kulibe, akuti wapita kwa Douglas kukatchajitsa. Ndati dzulo sanapite? Salome akuti anapita. Dzana? Anapitanso. Munthu wogwira usiku, masana m'malo mogona akuyenda mtunda wonsewo n'kumadikira pa benchi.

Ndakumana naye pa mlatho, maso ofiira. Ndati akuyenda bwanji mabatire? "Ali bwino azakhali." Wayang'ana kumadzi.

Salome wandipatsa chinangwa chophika, koma lero samacheza.

Loweruka, 12 Julayi

Mtima wanga.

Tili pa sikelo a Fainess akuti, "Mwamva za mwana wanu? Chenjezo, usiku wa Lachinayi." Amva kwa amuna awo amene amayendetsa thirakitala. Anthu onse pa mzere anali akudziwa kale, ine ndekha ayi. Ine amene ndinamusintha matewera.

Ndathamangira kumtunda dengu lili kumsana. Efu wavomera. Akuti akangochoka kotchaja amawala bwino, koma pakapita kanthawi amafiira, kenako zii. Ndiye iye amakhala mu mdima osayatsa, kusungira a Blackson. Lachinayi a Blackson anachedwa, pothwanimitsa iye kuyankha, kamoto kake sikanapyole nkhungu.

Ndati bwanji osandiuza? Akuti, "Munasangalala kwambiri."

Salome ndiye wayankhula, atagwada pakhomo. "Apongozi, bwanji tigulitse nkhukuyi tigule amugolosale aja, atifikitse kumalipiro?"

Ndakana. Ndati nkhuku imeneyo ndi ya chikuta, ukachira udzamwa msuzi wa chiyani? Amayi ako adzati kuchimuna anadya nkhuku ya mwana wawo. Ndiponso mabatire olemera chonchi angathe bwanji msanga? Vuto ndi Douglas. Mawaya ake aja amalumikiza mafoni a mudzi wonse, magetsi amafika atatopa. Ndati ndisiyireni ine.

Salome wangoti, "Chabwino apongozi." Efu usiku uno wabwereka tochi ya mnzake amene ali pa ofu.

Lamulungu, 13 Julayi

Ndapita nawo mabatire kunyumba kwa akalaliki, kumene kuli magetsi a fakitale enieni. Ndawapatsa amayi a kumeneko nandolo pang'ono. Akhala pa khoma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Powatenga anali otentha, ndati ee, akhuta tsopano.

Tayesa pakhonde. Kuwala kwake! Ndati Salome waona? Wati ndaona.

Mtima wakhala pansi pang'ono. Ndaimba nyimbo ya Mvano njira yonse.

Lolemba, 14 Julayi

Usiku wathawu Efu wayankha bwinobwino, a Blackson anabwera molawirira. Ambuye alemekezeke. Mabatire ndakasiyanso kwa akalaliki. Nandolo watsala wochepa.

Lachitatu, 16 Julayi

Sindinapite kumunda.

Kutacha Salome anagogoda, alibe mpango kumutu. Akuba adula bulugama mbali ya Efu, mitengo yambiri ndithu, yatsala zitsa. Efu akuti anamva macheka kumunsi, kuyatsa tochi, yangofiira ngati khala la moto n'kuzima. Anaimba wezulo, mphepo inali kupita kwina. Anatsetsereka mu mdima womwewo ndi chibonga, wagwera mu ngalande, bondo latupa. A Blackson pothwanimitsa, kumbali kwake kunali bii.

Amuuza kuti akhale kunyumba, amva Lachisanu.

Ndamuthowa bondo ndi madzi otentha. Sanandinene. Bola akanandinena. Wangoti, "Azakhali madziwo awotcha."

Salome amasesa pabwalo posesa kale. Nkhuku ija imangoyendayenda pakati pathu.

Lachinayi, 17 Julayi

Ndapita kwa Douglas kuti ndikamve. Ndinanyamula mawu oti ndikamulalatire, sindikudziwanso chifukwa chake. Anali akumeta mdala wina. Wandipatsa mpando. Ndati Douglas, mabatirewa chavuta n'chiyani?

Akuti, "Anti, mundilola ndiphe limodzi?"

Ndati ipha.

Watenga pulayala, wasenda pepala lobiriwira, wakanula kumutu. Wagwedeza pa nyuzipepala. Mchenga. Mchenga wa kumtsinje weniweni, wina wonyowa. Pakati pake kabatire kakang'ono ngati chala changa chakanise, ka mu wotchi ya pakhoma, atakamangirira ndi tiwaya.

Mdala uja, mutu theka wometa, akuti, "Amayi, mwagula munda ku Masambanjati?" Anyamata a pa benchi kuseka mpaka kugwira mimba. Douglas sanaseke, wawauza kuti atuluke.

Ine maso pa mchengawo. Ndi zomwe timachita ife tomwe. Masamba akachepa, wina amawaza madzi m'dengu, wina amabisa mwala pansi kuti sikelo ikoke. Ndawaona akugwidwa, ndawaseka. Munthu amene anapanga zimenezi, kaya ali dziko liti, amadziwa kuti kudzabwera mayi wina wodzayesa ndi dzanja.

Ndafunsa kuti nanga ofiira aja, opepuka? Douglas akuti, "Kaya anti. Mwina anali abwino, mwina anali opanda ndi mchenga womwe. Chopanda dzina umachidziwa utachiswa."

Mchenga ndaukulunga pa kansalu. Mawa ndipita nawo kwa a Blackson.

Sindinadye.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndinawapeza a Blackson kuseri kwa ofesi akumwa tiyi wa mu chitini. Ndagwada pa miyala pomwepo. Akuti, "Amayi dzukani, ndinu akulu kwa ine." Sindinadzuke. Ndamasula kansalu.

Ndati bwana, mwana uja sanagone. Wagona ndi mchenga uwu. Wogula ndine, woletsa kugula ena ndine. Ngati n'kuchotsa chotsani ine kumunda, iye mumusiye.

Atenga kabatire kaja, akuyang'ana, apukusa mutu. Akuti, "Ndikukukhulupirirani. Mnyamata uja sagona, ndimamudziwa. Lachitatu la sabata yatha sanayankhenso, ine ndinatsika kukamupeza ali chiimire, sindinalembe. Ndinamuuza kuti asinthe mabatire. Anati azakhali angakhumudwe."

Apa ndiye misozi.

Ndati ndiye kawauzeni amanijala. Akuti anawauza. Amanijala akuti mitengo yapita, wina ayenera kupita nayo. Mlonda amene tochi yake siyaka ndi chimodzimodzi wogona. "Mchengawu amayi sindingaulowetse mu ofesi. Andifunsa kuti kampani inakutumani kukagula?"

Kiyi akufuna Lolemba m'mawa. Pali kale mzere wa anthu pa geti, nyengo ino ntchito ndi ya kulimbirana.

Potuluka ndakumana ndi a Fainess. Ndimayembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani. Angondilandira dengu n'kunyamula okha mpaka kunyumba. Pakhomo akuti, "Mukanagula bulangete bwenzi mukulira mofunda." Ndaseka ndikulira. Mayi ameneyu.

Loweruka, 19 Julayi

Ku Masambanjati ndayenda wapansi. Wa chipewa uja kulibe. Pamalo pake pali mtsikana wogulitsa kaunjika, akuti samudziwa. Wa tomato akuti amabwera mwa apo ndi apo, mwina ali ku Khonjeni, mwina anawoloka malire. Dzina lake palibe akulidziwa.

Ndikanamupeza ndikanatani? Kaya.

Mabatire otsalawo ndawaponya m'chimbudzi, ana angatole. Tchaja Douglas akuti nayenso ndi wabodza.

Lamulungu, 20 Julayi

Kutchalitchi sindinapite, maso a anthu. Ndinapita kumtunda kukathandiza kumanga katundu.

Ndati bwererani kukhitchini kwanga, ndimata pamene pamadontha. Efu wayang'ana mkazi wake. Salome akuti, "Zikomo apongozi, koma ndikachirira kwa amayi ku Khonjeni." Mwaulemu bwinobwino, atagwada. Koma ndamva.

Efu akuti apita ku Limbe. Mnzake wina amanyamula matumba kumeneko, akuti malo ogona apanikizana. Ndati ndi bondo limenelo? Akuti lipola m'njira. Ndati dikira mvula, Disembala adzalemba otchola. Akuti, "Mwana sadikira Disembala azakhali."

Nkhuku aimanga miyendo, ipita ndi Salome.

Lolemba, 21 Julayi

Apita.

Ndapempha kwa kapitawo wathu kuti ndichedwe. Tisanatseke n'komwe chitseko, mayi wina anali ataima kale pa mtengo wa mapeyala ndi tsache ndi mwana kumbuyo, mkazi wa mlonda watsopano. Watipatsa moni mwaulemu, maso pansi. Si mlandu wake. Wafunsa Salome kuti madzi mumatunga kuti, Salome wamulozera.

Ndasenza ndowa ya mapoto mpaka pa siteji. Salome ndiye anayamba kukwera, kabaza wa ku Khonjeni. Ndamuuza wa njingayo kuti pa mabampu azitsika, wanyamula anthu awiri. Ndamugwira Salome dzanja, ndati mwanawe, nthawi ikakwana munditumizire mawu, ngakhale pa foni ya Douglas. Wakhazika bwino nkhuku pamiyendo. Kenako akuti, "Mudzabwere ndi chitenje chakale chofewa, amayi alibe." Ndati ndibwera nazo ziwiri.

Minibasi ya ku Limbe inachedwa. Tinangoima ine ndi Efu, nkhungu ikutinyowetsa. Ndinayamba kuti mwana wa achimwene anga, ine ndi amene... Wandidula. "Azakhali musalire pa msewu, anthu aziti ndamwalira."

Atakhala pa windo ndamuuza kuti za Salome usade nazo nkhawa, mwezi ukatha ndikalandira nditumiza ndalama ku Khonjeni, ya sopo ndi ya kabaza wa kuchipatala. Akuti masamba kulibe, muzitenga kuti? Kondakitala anali atamenya kale chitseko. Ndathamanga nayo pang'ono minibasiyo ndikukuwa kuti nditumiza, wamva? Mwezi ukatha nditumiza!